Kugwira ntchito kunja posinthana ndi pogona: kodi n'chiyani kwenikweni?

Mwana wa mlongo wanga anamaliza kalasi ya 12 ku Ulongué ndipo mpaka pano ntchito sanaipeze. Loweruka lina tili pamsika, pafupi ndi amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, anandipatsa foni yake kuti ndione kavidiyo. Munali mtsikana wa ku Ulaya, chikwama chachikulu kumsana, akufotokoza kuti wayenda m'mayiko ambiri kwa zaka ziwiri osalipirapo chipinda. M'mawa amathirira dimba la eni nyumba kapena kuyala mabedi pa nyumba ya alendo, masana n'kumakayenda. "Amalume," anatero mnyamatayo, "ngati pogona ndi chakudya n'zaulere, ndiye kuti chatsala ndi tikiti yokha. Nanga ife tikudikira chiyani?"

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo, chifukwa funso lake silinali lachibwana. Zimene mtsikanayo amanena zilipodi, ndipo anthu ambirimbiri amayenda motero. Koma m'mafoni momwemo mukuyendanso mauthenga ena, a anthu olonjeza "ntchito kunja, nyumba ndi chakudya zaulere," omwe mathero ake amakhala misozi. Zinthu ziwirizi zimavala mawu ofanana, ndipo munthu amene sanatulukepo kupitirira Dedza kapena Chimoio sangazisiyanitse mosavuta. Ndiye tiyeni tizimasule chimodzichimodzi.

Kusinthanaku kumayenda bwanji?

Pamakhala anthu awiri. Wina ali ndi malo: munda, nyumba ya alendo, kasukulu, kapena banja chabe lofuna thandizo. Wina ndi wapaulendo amene akufuna kukhala m'dzikolo nthawi yaitali popanda kuwononga ndalama zambiri. Amagwirizana kuti wapaulendoyo azigwira ntchito maola 4 kapena 5 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, ndipo mwini malo amupatse pogona, nthawi zambiri ndi chakudya chomwe. Malipiro palibe. Ena amakhala sabata ziwiri, ena miyezi itatu, kenaka n'kusamukira kwa wina.

Chiyambi chake chimadziwika bwino. Mu 1971 mayi wina wa ku London, Sue Coppard, yemwe ankagwira ntchito ya usekeletale, ankalakalaka kupita kumidzi mapeto a sabata koma analibe wachibale wokhala ndi munda. Anakonza zoti iye ndi anthu ena ochepa akathandize pa famu ina ku Sussex posinthana ndi chakudya ndi pogona. Mmenemo ndi mmene linabadwira gulu la WWOOF, lomwe lero lili m'mayiko ambiri ndipo limalumikiza alendo ndi alimi osagwiritsa ntchito feteleza ndi mankhwala a m'sitolo. Intaneti itafala, panabwera masamba ena otenga ntchito za mitundu yonse: HelpX ndi Workaway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi Worldpackers yomwe inayambira ku Brazil mu 2014.

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sachimvetsa. Masamba amenewa sakulemba munthu ntchito ayi. Ali ngati bolodi ya zidziwitso: umalipira ndalama ya umembala pa chaka, n'kupatsidwa mwayi wowerenga za eni malo ndi kuwalembera. Viza sakupezera, tikiti sakugulira, ndipo ukadwala kapena mukayambana ndi mwini nyumba, mgwirizano unali wa inu awiri. Chomwe chimateteza anthu pang'ono ndi ndemanga zimene alendo akale amalemba za mwini malo, nayenso mwini malo n'kulemba za mlendo.

Kwa ife a Chichewa, mtima wa nkhaniyi si wachilendo. Mlendo akakhalitsa pakhomo amatenga khasu n'kutsatira eni nyumba kumunda, palibe amene amatchula za malipiro. Pa dima anthu amalimira mnzawo, mwini munda n'kufulula mowa kapena thobwa ndi kuphika nsima. Kusiyana kwake n'kwakuti pa dima mumadziwana, mawa mudzalima kwa ine, ndipo wochita chinyengo mudzi wonse umamudziwa. Pa intaneti, ntchito ya mudzi ija ikugwiridwa ndi nyenyezi ndi ndemanga za anthu osawadziwa.

Ulere uli pati?

Mawu akuti ulere ali ndi mbiri m'dera lathu lino. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, boma la Southern Rhodesia linkayendetsa malole otengera anthu ofuna ntchito kuchokera kumpoto, ena mwa iwo akudutsa m'dziko la Tete, ndipo m'njira ankawapatsa chakudya ndi pogona osalipira. Anthu anawatcha magalimotowo Ulere. Agogo athu ankadziwa kuti lole ndi yaulere, koma kumapeto kwa msewu kuli famu kapena mgodi womwe ukufuna manja awo. Ena mwa iwo sanabwerere, ndiwo machona aja.

Tiwerengere limodzi. Maola 5 pa tsiku kwa masiku 5 ndi maola 25 pa sabata, pafupifupi maola 100 pa mwezi. Amenewo ndiwo mtengo wa bedi ndi mbale ya chakudya. M'mayiko amene chipinda cha alendo chimadula kwambiri, wapaulendo amaona kuti wapindula. Komanso mwini malo, amene akanalipira wantchito malipiro a lamulo pa maola 100, nayenso amaona kuti wapindula. N'chifukwa chake dongosololi silinafe kwa zaka zoposa 50.

Koma zotsala n'zambiri: tikiti ya ndege yopita ndi yobwerera, pasipoti, viza, inshuwaransi ya chipatala, mayendedwe kuchoka kwa mwini malo uyu kupita kwa wina, sopo, mayunitsi, ndi chakudya cha masiku opuma ngati sichili mu mgwirizano. Mtsikana wa muvidiyo uja sananene kuti anayamba wagwira ntchito kwawo n'kusunga ndalama, koma ambiri oyenda motere amatero. Cholinga chawo n'chakuti ndalama zomwe ali nazo kale zichedwe kutha. Sapita kukapeza ndalama. Apa ndi pamene mwana wa mlongo wanga ndi mtsikanayo amasiyanirana. Iye akaganiza za kunja amaganiza za malata a nyumba ya mayi ake ndi fizi ya mng'ono wake. Munthu akhoza kugwira ntchito yosinthanayi chaka chathunthu mokhulupirika n'kubwerera opanda metical imodzi yotumiza kwawo, ndipo palibe amene wamubera, chifukwa mgwirizano wake ndi womwewo.

Si kuti sapindula kanthu. Ena amabwerako akulankhula bwino chinenero china, ena aphunzira kuweta njuchi, kupanga tchizi, kuyendetsa nyumba ya alendo, kapena apeza anzawo amene anadzawathandiza patsogolo. Zimenezo n'zenizeni, kungoti sizilowa m'thumba mwezi womwewo.

Kodi pamaso pa malamulo imeneyi ndi ntchito?

Gawo ili ndi lomwe limagwetsa anthu ambiri, ngakhale ochokera m'mayiko olemera.

Aliyense wa ku Angónia amadziwa funso la pachipata cha Calómuè kapena Zóbuè: mukupita kuti, kukatani, mukakhala masiku angati? Ukanena kuti ukupita kumaliro kwa achibale ku Dedza, ndi nkhani ina. Ukanena kuti ukupita kukayamba ntchito pa esiteti, ndi nkhani inanso, ngakhale msewu ndi womwewo. Viza ndi yankho la funso limeneli lolembedwa pa pepala. Ya alendo odzaona malo imakuloleza kuyenda, kuona ndi kugula. Ya ntchito imakuloleza kugwira ntchito, ndipo imavuta kupeza chifukwa boma lililonse limafuna kuteteza ntchito za nzika zake.

Tsono wapaulendo amene akupalira munda wa mwini nyumba maola 5 pa tsiku ali mbali iti? Iye amati ndi mlendo wongothandiza chifukwa salandira ndalama. Koma malamulo a mayiko ambiri amati malipiro si ndalama zokha. Chipinda ndi chakudya nazonso ndi malipiro, monga mmene kwathu munthu amalimira ganyu n'kulandira chitini cha chimanga. Palibe amene anganene kuti waganyuyo sanagwire ntchito poti sanaone ndalama.

Mu 2025 nkhani ya mtsikana wina wa ku Britain inamveka m'manyuzipepala ambiri. Ankayenda mu United States ngati mlendo, akugona m'mabanja amene ankawathandiza ntchito za pakhomo. Atafuna kulowa mu Canada anamubweza pachipata chifukwa cha dongosolo lomwelo, ndipo atabwerera mbali ya America akuluakulu anati waphwanya malamulo a chilolezo chake. Anasungidwa masiku 19 m'malo osungira anthu olowa m'dziko mosatsata malamulo, kenaka n'kutumizidwa kwawo. Iye ankakhulupirira kuti sakulakwa kanthu, ndipo ambiri amene anachita zomwezo asanatero sanafunsidwe n'komwe. Kusadziwika kumeneku ndiye vuto lake: lamulo lilipo, koma limagwira uyu n'kusiya uyo.

Mayiko samvana pa nkhaniyi. Ku Britain mlendo amaloledwa kuthandiza mongodzipereka kwa masiku osapitirira 30, koma pokhapokha ngati akuthandiza bungwe lachifundo lolembetsedwa ku boma, osati famu kapena nyumba ya alendo ya munthu. Gulu la WWOOF lenilenilo linachita kusintha tanthauzo la dzina lake n'kuchotsamo mawu onena za antchito, chifukwa mawuwo ankabweretsa mavuto kwa oona za olowa ndi otuluka m'dziko. Mayiko ena ali ndi viza yapadera ya achinyamata yowaloleza kuyenda ndi kugwira ntchito kwa chaka, monga Australia yomwe inayamba zimenezi mu 1975. Koma viza yotere imaperekedwa kwa nzika za mayiko amene anasainirana mgwirizano, ndipo Mozambique sili pa mndandanda wa Australia.

Apa ndiyenera kunena poyera chinthu chimene mavidiyo aja sanena: mapasipoti salemera mofanana. Mnyamata wa ku Germany amalowa m'mayiko ambiri popanda kupempha viza. Mnyamata wa ku Tsangano akafuna kupita ku Portugal kapena dziko lina la m'chigawo cha Schengen, chomwe chili ndi mayiko 29 a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ayenera kupempha viza asananyamuke. Kuyambira mu June 2024 mtengo wake ndi mayuro 90, omwe ndi meticais oposa 6,000, ndipo akakukana ndalamayo sibwezedwa. Amafunanso inshuwaransi ya chipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa ndalama za kubanki, ndi umboni woti udzabwerera. Maofesi a Portugal ali ku Maputo ndi ku Beira, ndipo kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600. Ukaipeza, imakuloleza masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse m'chigawo chonsecho. Ndiye "ulendo wa zaka ziwiri" uja, kwa ife, umaduka pa miyezi itatu. Ndipo ukalemba pa fomu kuti ukupita kukagwira ntchito posinthana ndi pogona, wapereka wekha chifukwa chokukanira. Ukabisa n'kudziwika pambuyo pake, wanama pa fomu ya boma, zomwe zingakutsekere khomo kwa zaka.

Pafupi pano zinthu n'zopepukirako. Mwini pasipoti ya Mozambique amalowa ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa popanda viza pa ulendo waufupi, ku South Africa masiku 30. Koma chidindo chimenecho nachonso n'cha mlendo, sichipereka chilolezo cha ntchito. Mgwirizano wa mayiko olankhula Chipwitikizi, CPLP, wofewetsa maulendo pakati pawo unasainidwa ku Luanda mu 2021, koma sunathetse kufunika kwa mapepala, ndipo dziko lililonse limasankha lokha mmene liugwiritsire ntchito.

Lamuloli limaluma mbali zonse. Mu 2023 boma la Mozambique linachotsa viza kwa nzika za mayiko 29 zobwera kudzaona malo kapena kudzachita zamalonda kwa masiku 30. Mzungu wobwera motere n'kuyamba kugulitsa pa bala ya malo ogona alendo m'mbali mwa Cahora Bassa posinthana ndi chipinda ali pa funso lomwe lija pamaso pa a Migração.

Nanga au pair?

Iyi ndi njira ina yomwe imasokonezedwa ndi yoyamba ija. Mawuwa ndi Achifalansa ndipo amatanthauza kukhala pa mlingo umodzi, kusonyeza kuti wachinyamatayo akhale ngati mwana wa m'banjamo, osati wantchito. Amathandiza kulera ana ndi tintchito ta m'nyumba, n'kumaphunzira chinenero. Mayiko a ku Ulaya anapangana malamulo ake mu 1969: zaka zakubadwa 17 mpaka 30, maola osapitirira 5 pa tsiku, tsiku lathunthu lopuma pa sabata, ndi kandalama ka m'thumba. Ku United States amaloledwa kufika maola 45 pa sabata. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti m'mayiko ambiri au pair amakhala ndi viza yakeyake ndi mgwirizano wolembedwa.

N'chimodzimodzi ndi mtsikana wakumudzi amene watengedwa ndi azakhali ake kukakhala mumzinda wa Tete kuti "aziphunzira uku akuthandiza." Kwa ena zimayendadi choncho. Kwa ena sukulu imathera pakamwa, n'kusanduka wantchito wosalipidwa. Dziko la Norway linatseka dongosolo la au pair mu 2024 ponena kuti linali litasanduka njira yopezera antchito a m'nyumba otchipa.

Pamene kuthandizana kumasanduka goli

Ife tili ndi chifukwa chomveka chochitira mantha tikamva za ntchito yolipidwa ndi malo okhala. Taonani mawu akuti thangata. Kale ankatanthauza kuthandizana, monga mmene timanenera kuti ndithangateni. Koma m'maesiteti a azungu a ku mapiri a Shire ku Nyasaland, mawuwa anasanduka dzina la ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira ngati lendi ya malo amene wamangapo nyumba. Ambiri mwa ogwidwa m'dongosololi anali Alomwe othawa nkhanza ku Mozambique, omwe analibe kwina kopita. Thangata anali chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Mbali yathu ino kunali maprazo, maesiteti akuluakulu a m'chigwa cha Zambezi, kumene okhala pa malowo ankapereka msonkho wa mussoco ndi zokolola kapena ndi thukuta, ndiponso chibalo, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi yomwe inathetsedwa pa pepala mu 1961. Mawu abwino a kuthandizana anabedwa kamodzi, ndiye akhoza kubedwanso.

Ndipo sizinathere m'mabuku a mbiri. Ndili mnyamata ndinaona bambo wina wochokera tsidya la Malawi amene anabwera ndi mkazi ndi ana awiri kudzagwira ntchito ya fodya kwa mlimi wina wa m'dera lathu. Ankagona m'kanyumba ka udzu pafupi ndi chigafa. Sabata iliyonse ankalandira ufa, mchere ndi nyemba kapena matemba pang'ono, ndipo zonse zinkalembedwa m'kope. Malipiro anali oti adzalandira fodya akagulitsidwa. Tsiku lowerengera ndinali pomwepo. Mwini munda anatsegula kope lija n'kuyamba kuchotsera: ufa, sopo, mankhwala a mwana atadwala malungo, khasu lothyoka. Bamboyo anangokhala pansi, chipewa m'manja, akuyang'ana mapazi ake. Zomwe zinatsala sizinakwane ngakhale ulendo wobwerera kwawo, ndiye anavomera kukhalanso chaka china. Palibe amene anamumanga chingwe, koma kuchoka sakanatha. Dziko la Malawi linaletsa dongosolo la matenanti ndi lamulo mu 2021 chifukwa cha nkhani zonga imeneyi.

Malamulo a dziko lonse lapansi anayesa kulemba malire ake. Pangano la mu 1930 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse lapansi, limati ntchito yokakamiza ndi imene munthu amagwira poopsezedwa ndi chilango, iye asanadzipereke mwa kufuna kwake. Pangano la Palermo la mu 2000 linafotokoza kuzembetsa anthu kuti ndi kulemba, kunyamula kapena kusunga munthu mwa chinyengo kapena mokakamiza n'cholinga chomudyera masuku pamutu, ndipo limanena kuti kuvomera kwa munthu wonamizidwa sikuwerengedwa. Mozambique ili ndi lamulo lake pa nkhaniyi, la nambala 6 la mu 2008. Zizindikiro zimene ILO imatchula n'zodziwika: kulandidwa pasipoti, ngongole yosatha, kuletsedwa kutuluka, kusungidwa kutali ndi anthu, kubisiridwa malipiro, kuopsezedwa kuti akakunenera kupolisi.

Mu 2024 atolankhani a BBC anaulutsa nkhani ya azimayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali antchito a m'nyumba osaloledwa kuchoka. Oposa 50 anathandizidwa kubwerera kudzera m'gulu la WhatsApp. Kumeneko kuli dongosolo la kafala, lomwe limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake, kotero kuti kuthawa bwana kumakhala ngati mlandu. Azimayiwa sanapite kudzera m'masamba a apaulendo aja ayi, anapita kudzera mwa maejenti. Koma nyambo yake inali mawu omwe aja: tikiti, nyumba ndi chakudya zaulere.

Ndiye kusiyana kuli pati? Pa kusinthana kwenikweni, tikiti umagula wekha, pasipoti imakhala m'thumba mwako, palibe ngongole, maola amadziwika usananyamuke, ndipo ukaona kuti sizikuyenda umanyamula chikwama n'kuchoka m'mawa mwake. Mawu omaliza amenewa ndi olemera kuposa mmene amamvekera. Kuchoka kumafuna ndalama ya basi ndi ya chipinda cha masiku angapo. Wapaulendo wokhala ndi ndalama kubanki ndi mfulu pa famu yomweyo imene mnzake wopanda kanthu angakhale womangika, ngakhale mwini famuyo atakhala munthu wabwino. Pamene pogona pako ndi pa ntchito pako pali m'manja mwa munthu mmodzi, kukangana naye ndi kutaya zonse ziwiri usiku umodzi.

Nanga anthu a pamalopo?

Pali mkangano wina umene ukutikhudza ngati eni dziko. Tiyerekeze malo ogona alendo pafupi ndi Songo amene alandira achinyamata awiri akunja kuti azilandira alendo ndi kujambula zithunzi zotsatsira malonda posinthana ndi chipinda. Otsutsa amati ntchito ziwirizo zikanapita kwa ana a m'deralo amene anaphunzira ndipo akungokhala, komanso kuti wantchito wosalipidwa amagwetsa mtengo wa wolipidwa. Mabungwe a antchito m'mayiko ambiri amanena zomwezi za nyumba za alendo zimene zimadalira apaulendo chaka chonse.

Ovomereza amayankha kuti eni malo ambiri ndi alimi ang'onoang'ono ndi mabanja amene sakanalemba munthu ntchito n'komwe, kuti mlendo amabwera ndi luso kapena chinenero chomwe pamalopo palibe, ndiponso kuti amagula zinthu pamsika n'kuitana anzake. Mbali zonse zili ndi zitsanzo zoona. Gogo wa ku Portugal amene akufuna womuthandiza kukolola maolivi kwa sabata ziwiri safanana ndi hotela ya mabedi 60 yomwe yasiya kulemba oyeretsa, koma onsewa amapezeka pa tsamba limodzi.

Palinso nkhani ya ana. Malo ena osungira ana amasiye amaitana alendo ongodutsa kuti azisamalira ana kwa sabata zochepa, popanda kufufuza mbiri yawo. Mabungwe oteteza ana akhala akuchenjeza za mchitidwewu, ndipo ndi chinthu choti mafumu ndi makomiti a sukulu kwathu kuno achidziwe alendo otere asanafike.

Mafunso amene sanayankhidwe

Nditabwereranso kwa mwana wa mlongo wanga, tinakhala pakhonde n'kukambirana zonsezi. Anamvetsera, kenaka anafunsa: "Amalume, ndiye kuti n'zoletsedwa kapena n'zololedwa?" Yankho loona ndi lakuti zimatengera dziko, mtundu wa mwini malo, ndi viza imene uli nayo, ndipo wonena mawu omaliza ndi ofesi ya dziko limene ukupitalo, osati tsamba la pa intaneti.

Maboma ambiri sanaganizebe chochita ndi mlendo wa mtundu umenewu. Kodi adzapanga chilolezo chapadera cha wothandiza wosalipidwa, kapena adzapitiriza kumuona ngati wantchito wozemba? Chilolezo chotero chikadzakhalapo, kodi chidzatsegukira mapasipoti a mu Africa, kapena chidzatsata mndandanda wa mayiko olemera monga mmene zilili ndi viza ya achinyamata ija?

Sizikudziwikanso kuti udindo wa masamba aja uyenera kulekezera pati. Iwo amalandira ndalama ya umembala n'kulemba chenjezo loti za viza ndi zako. Ena akuti chenjezolo n'lokwanira poti munthu wamkulu ayenera kudzifufuzira. Ena akuti wolandira ndalama sangasambe m'manja mlendo akatsekeredwa pachipata kapena akavulala ndi makina pa famu. Ndipo wovulalayo amulipirira chipatala ndani, poti pa pepala si wantchito?

Pali funso la mlingo. Kodi ndi maola angati amene amasandutsa thandizo kukhala ntchito yoyenera malipiro a lamulo? Maola 25 pa sabata ndi chizolowezi chabe cha masambawo, si lamulo la dziko lililonse. Nanga mwini malo wochita malonda aziloledwa mofanana ndi banja kapena bungwe lachifundo?

Ndipo pali funso lathu, la kuno. M'chigawo cha SADC anthu amadutsa malire tsiku ndi tsiku ndipo Chichewa chimamveka ku Tete, ku Lilongwe ndi ku Chipata. Mnyamata wa ku Macanga akhoza kuphunzira zambiri atakhala miyezi iwiri pa famu ya ng'ombe zamkaka ku Malawi kapena pa malo a alendo ku Zambia, pa mtengo wa chapa ndi basi chabe. Kodi mayiko athu angapange njira yovomerezeka ya maulendo otere, yokhala ndi pepala losainirana ndi ofesi yokadandaulako, popanda kutsegulanso khomo la kope la ngongole lija? Mwana wa mlongo wanga ndi funso limeneli lomwe analigwira. Wayamba kufunsa za mtengo wa pasipoti, ndipo akufuna kudziwa ngati ku Chipata kuli mlimi wa njuchi amene angamulandire.